Kandulo ya Yosefe

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene Atate anayamba kukumba chitsime, ndipo ndinali mwana wamanyazi kwambiri moti anthu ena ankayesa kuti sindilankhula. Mlendo akafika pakhomo ndinkathawira kuseri kwa nyumba. Kusukulu aphunzitsi akandiloza ndinkayang'ana zala zanga zakumapazi mpaka atandisiya. Anzanga onse ankalankhula Chibemba, ndipo ine ndikati nditsegule pakamwa, Chinyanja cha kunyumba chinkatulukira limodzi, iwo n'kuseka. Choncho ndinazolowera kukhala chete. Akuluakulu ankandiyamikira. "Filomena ndi mwana waulemu," ankatero.

Ndinabadwira ku Wusakile, m'tauni ya Kitwe, m'nyumba ya kumgodi yokhala ndi mpopi pabwalo. Atate anagwira ntchito pansi pa nthaka zaka zambiri. Ntchito itatha, tinasamukira kumafamu, kunja kwa Kitwe, kumene minibasi imakusiya pamsewu iwe n'kuyenda wapansi maola awiri. Mudziwo unalibe dzina lenileni. Anthu ankangoti ku Mapenshoni, chifukwa pafupifupi bambo aliyense kumeneko anali wochotsedwa kumgodi. Nyumba zinamangidwa pakati pa zulu zikuluzikulu ndi zitsa zimene owotcha makala anasiya.

Madzi tinkatunga kudambo, pamalo omwe ng'ombe ndi nkhumba zinkamweranso. Anali otuwa, onunkha matope. Amayi ankawasefa pansalu, ndipo nkhuni zikakhala zouma ankawawiritsa. Koma mwana wa zaka ziwiri sungamulondere tsiku lonse. Mlongo wanga Yosefe anamwa m'chidebe chimene chinali chitangofika kuchokera kudambo. Anatsekula m'mimba masiku atatu. Tsiku lachinayi Amayi anamubereka kuti tipite naye kuchipatala, ine ndikutsatira m'mbuyo ndi kachikwama. Njira yonse ankabuula pang'onopang'ono. Tisanafike kumsewu anasiya kubuula. Amayi anayendabe pang'ono, kenako anaima.

Yosefe anali ndi kamasewera kake. Tikayatsa kandulo ankabwera monyang'ama, n'kutukumula masaya, n'kuiuzira: "Fuu!" Kenako ankaseka mumdimamo, Amayi akukalipa kuti machesi atha. Atamwalira, Amayi anapinda zovala zake n'kuziika m'sutikesi pamodzi ndi kandulo ya ubatizo wake, yoyera, yokhala ndi kamtanda kofiira. Sutikesiyo inkakhala kunsi kwa bedi, ndipo panalibe woikhudza.

Atate sanalire pamaso pathu. Mvula itatha anatenga piki ndi fosholo, anavala chisoti chawo cha kumgodi, anapita kumunsi kwa munda wathu pafupi ndi mtengo wa mkuyu, n'kulemba mzere wozungulira pansi. Anati chitsimecho chidzakhala cha mudzi wonse. Mnzawo pantchitoyo anali ba Mulenga, Mbemba wamtali amene anagwira nawo kumgodi. Awiriwo ankanyozana kuyambira m'mawa mpaka madzulo, monga amachitira Abemba ndi ife a kum'mawa, amene timatchulana mwanthabwala kuti mbuya.

"Kumba, Sakala!" ba Mulenga ankakuwa ali pamwamba. "Inu odya mbewa, kukumba maenje ndiye ntchito imene munabadwira."

"Iwe khala kumwamba komweko," Atate ankayankha ali m'dzenje. "Wodya anyani mtima wake umakhala m'malo akakhala pamwamba."

Koma pa malamulo a dzenje sankaseka. Wotsika ankamangidwa chingwe m'khwapa, chingwecho n'kudutsa pamtengo wopingasa pakamwa pa chitsime, wapamwamba n'kumachigwira. Wotsikayo ankayenera kuimba mluzu nthawi yonse kuti mnzake adziwe kuti akupuma. Ndipo m'mawa uliwonse, munthu asanaponde m'kati, kandulo inkayamba yatsika. Ankaiika m'chitini chobooledwa m'mbali, chomangidwa ku kachingwe kokhala ndi mfundo zoyezera kuya.

Chifukwa chake Atate sanandiuze, ndipo ine sindinafunse. Anangoti, "Ikafika pansi ikuyaka, tikutsika. Ikazima, palibe wotsika."

Maso a Atate anali atayamba kufooka, choncho dzenje litakula ntchito ya kandulo anaipereka kwa ine. Poyamba ankaima pambali panga, kenako anayamba kundisiya ndekha. Ndinkaikonda ntchitoyo chifukwa sinkafuna kulankhula. Ndikamaliza Atate ankangondiyang'ana, ine n'kugwedeza mutu, basi iwo n'kuyamba kumanga chingwe.

Chifukwa chimene Atate sanandipatse ndinakachitola kudambo. Tsiku lina tikudikira kuti matope akhale pansi, mayi wina wotchedwa bana Kunda anayamba kulankhula motsitsa mawu, osasamala kuti ndili pomwepo. Anthu ankaiwala kuti mwana wachete ali ndi makutu.

"Pansi ponse pano m'mabowo okhaokha," anatero. "Nthaka anaidya kunsi kuyambira kale. Amuna amene migodi inawagwera, aja sanawatulutse, akuyendabe m'menemo kufunafuna potulukira. Ndiye ba Sakala akuwatsegulira chitseko."

"Nanga kandulo ija ndi yachiyani?" mnzawo anafunsa.

"Ndi yofunsira. Ikazima ndiye kuti pansipo pali wina, waiuzira."

Mawu amenewo ndinawasenza pamodzi ndi chidebe. Kuyambira pamenepo ndinayamba kumva zinthu. Atate akamenya piki pansi, ndinkamva ngati kugogoda kwina kukuyankha kuchokera m'mbali, m'kati mwa nthaka. Ndikasuzumira m'mawa, kamphepo kozizira kankandikhudza kumaso ngati dzenjelo likupuma. Sindinauze munthu. Ndinkangothokoza kuti kandulo ikufika pansi ikuyaka.

M'mwezi wa Okutobala, kutentha kutafika pachimake, kachingwe kanga kanafika mfundo khumi. Dothi lotuluka m'chidebe linasiya kufiira, linayamba kuda ndi kumata m'zala. Kenako pansi panapezeka chule. Palibe anadziwa kuti analowa bwanji. Ankalira m'mawa ndi madzulo, mawu ake akumveka aakulu ngati a ng'ombe. Atate anamwetulira koyamba chimwalirire Yosefe.

"Usamudye ameneyo, Sakala," ba Mulenga anatero. "Ndi mwini madzi."

Anthu a kutchalitchi cha m'tauni anali atalonjeza kuti akadzaona dothi lonyowa ndi maso awo adzatumiza mikombero ya simenti yolimbitsira makoma, pamodzi ndi chivundikiro. Nkhani inali pa nthawi. Mitambo inali itayamba kusonkhana, ndipo mvula ikanapeza dzenje lopanda mikombero, makoma akanagumukira m'kati, ntchito ya miyezi isanu n'kuthera pomwepo. Tsiku loti alendowo abwere linakhazikitsidwa.

Sabata yomweyo kunagwa maliro ku Wusakile, a bambo amene anagwira ntchito ndi Atate ndi ba Mulenga. Awiriwo asananyamuke anavundikira chitsime ndi malata, anatsindira ndi zipika, m'mbali n'kukwirira ndi dothi kuti mwana kapena mbuzi isagweremo. Anakhala kumeneko masiku anayi. Anabwerako kutatsala tsiku limodzi kuti alendo afike.

M'mawa mwake Atate anachotsa malata mofulumira. "Filo, kandulo," anatero, n'kuthamangira kukabwereka mipando.

Pashelefu panalibe kandulo. Kachidutswa kotsala makoswe anali atakadya. Amayi anali kudambo. Ndinatsatira Atate mpaka pakhomo la anthu ena, ndinawapeza akukambirana ndi azibambo atatu. Ndinaima patali ndikudikira kuti atembenuke. Sanatembenuke. Kuti ndiyandikire n'kunena mawu awiri okha, akuti "makandulo atha," zinandikanika. Ndinabwerera kunyumba, ndinagwada, ndinakoka sutikesi ija.

Nditaitsegula munatuluka fungo la sopo ndi la Yosefe weniweni. Kajuzi kake kabuluu kanali pamwamba. Ndinalowetsa dzanja kunsi osayang'ana, ndinatenga kandulo, ndinadziuza kuti ndiiyatsa kanthawi kochepa, ndidula nsonga yakudayo, ndipo Amayi sadzadziwa.

Kuchitsime kunali zii. Masiku onse pakamwa pake pankavina tizilombo touluka, pansi chule akulira. Tsiku limenelo kunalibe chouluka, ndipo chule anali chete. Ngakhale kamphepo kozizira kaja kunalibe.

Ndinayatsa kandulo, ndinaiika m'chitini, ndinayamba kutsitsa. Mfundo yoyamba, yachiwiri, yachitatu, moto unkayaka bwinobwino, ukuunikira mapondero amene Atate anasema m'makoma. Yachisanu. Yachisanu ndi chimodzi. Mfundo yachisanu ndi chiwiri itangodutsa m'zala zanga, moto unayamba kuchepa. Sunagwedezeke ngati mmene umachitira ndi mphepo. Unangofupika, unasanduka wabuluu, unatsika pang'onopang'ono ngati wina akuupsinja ndi chikhatho, basi n'kutha.

Ndinakoka chitini, ndinayatsanso, ndinatsitsanso. Pamfundo yomweyo, chimodzimodzi.

Atate anali ndi kachidutswa ka galasi koponyera dzuwa m'dzenje. Ndinakatenga pamphanda ya mkuyu, ndinaunikira pansi. Utsi wa kandulo sunali kukwera. Unali utayala chopingasa, phee, ngati nsalu yopyapyala yoyandama pamadzi, chonsecho pamenepo panalibe madzi. Ndinauyang'anitsitsa, kuwala kwa galasi kukuvina m'makoma. Ndiye ndinamva, kaya m'dzenje kaya m'mutu mwanga, kamawu kaja: "Fuu!"

Sindinakayike. Ndinadziwa kuti ndi Yosefe. Ndinaganiza kuti ali pansipo yekha, mumdima, pakati pa azibambo osawadziwa aja, ndipo ine ndamuitana ndi kandulo yake. Ndinachotsa kanduloyo m'chitini, ndinaibisa m'kati mwa diresi, ndinamanga chitenje pamwamba. Lamulo ndinkalidziwa: ikazima, palibe wotsika. Koma kuti ndinene kuti yazima, ndinayenera kunenanso kuti ndi kandulo iti, ndi kumene ndinaitenga, ndi amene waizimitsa. Ndinaganiza za nkhope ya Amayi. Ndinati ndidikira ndipeze Atate paokha.

Sindinawapeze paokha. Cha m'ma naini awazi galimoto loyera linatulukira pakati pa zulu, ana akulithamangira. Munatuluka amayi ena a magalasi ndi bambo wonyamula foni yojambulira. Mudzi wonse unasonkhana pansi pa mkuyu, bana Kunda ali kutsogolo. Panachitika pemphero, panalankhulidwa mawu ambiri. Ine ndinaima kumbuyo kwa Amayi, kandulo ikundiziziritsa pamimba. Kenako amayi a magalasi aja anati akufuna aone dothi la lero, lochokera pansi penipeni.

Atate anavala chisoti. Ba Mulenga anawamanga chingwe m'khwapa. Atatsala pang'ono kulowetsa mwendo, Atate anakumbukira, anandifunafuna ndi maso pagulupo.

"Filo! Kandulo?"

Mitu yonse inatembenukira kwa ine. Amayi a magalasi anamwetulira. "Ameneyu ndiye injiniya wanu?" Anthu anaseka. Sikunali kuseka koipa, koma kwa ine kunali ngati kwa kusukulu. Ndinayang'ana zala zakumapazi. Ndipo mutu wanga unachita zimene unkachita m'mawa uliwonse. Unagwedezeka.



Atate anatsika. Mluzu unayamba, nyimbo ina ya kutchalitchi imene ankaikonda. Ba Mulenga ankamasula chingwe pang'onopang'ono kwinaku akufotokozera alendo m'Chibemba mmene anthu a kumgodi amagwirira ntchito. Bambo wa foni anayamba kusonkhanitsa anthu. "Senderani pafupi. Amayi inu, tukulani mwana. Sekani." Aliyense ankakonza chovala chake. Ine ndekha ndinkamvetsera mluzu, ndikuwerenga mfundo mumtima. Folo. Faifi. Mluzu unkapita kutali, ukumveka ngati wa m'botolo. Sikisi.

Kenako nyimbo inayamba kuduka. Inadumpha mawu, ngati munthu akuimba akukwera phiri. Inatsala mphepo yokha yotuluka m'milomo. Kenako panalibe kanthu.

Chete ameneyo ndinali nditamumvapo kale, panjira ya kumsewu, kumsana kwa Amayi.

Sindikudziwa kumene mawu anachokera. Ndinangomva munthu akukuwa, ndipo anali ine. "Kokani! Ba Mulenga, kokani! Kandulo inazima!"

Nthawi yomweyo chingwe chinakungika, ba Mulenga anagwa ndi mawondo, chikuwakokera kudzenje. Anaponda chipika, anakulunga chingwe padzanja. "Gwirani, imwe! Gwirani!" Azibambo anachigwira. Wina anavula nsapato kuti atsike akathandize, ba Mulenga anamukankha ndi phewa. "Osatsika! Wotsika ndi maliro achiwiri!"

Anakoka. Chingwe chinkalira pamtengo wopingasa. Choyamba kuoneka chinali chisoti, chitapendekeka. Kenako mapewa, mutu utagwera pachifuwa, manja akulendewera. Powagwira kuti awatulutse, chisoticho chinavuka n'kugwera m'kati. Tonse tinachimva chikugunda makoma, kenako n'kufika pansi, phu, kutali kwambiri.

Anawagoneka pansi pa mkuyu. Milomo yawo inali itada. Amayi anagwada kumutu kwawo osalira, akungowagwira masaya. Ba Mulenga anang'amba malaya a Atate, anayamba kuwakupiza ndi chikuto cha katoni, akuwamenya kumapazi.

"Sakala! Wodya mbewa iwe, dzuka! Ukapita ndizinyozana ndi ndani? Dzuka, mbuya wanga!" Misozi inkatsikira m'ndevu zawo.

Atate anakoka mpweya ndi phokoso ngati la chitseko chadzimbiri. Anatsokomola, anatembenukira kumbali, anasanza. Anthu anapuma.

"Ndinanena ine," bana Kunda ananong'ona, koma tonse tinamva. "Amukoka miyendo." Azimayi ena anachita chizindikiro cha mtanda n'kusunthira kutali ndi dzenje.

Pokuwa paja chitenje changa chinali chitamasuka. Kandulo inali pansi, pafumbi, kamtanda kofiira kali m'mwamba. Amayi anaiyang'ana, anandiyang'ana ine. Ndinaitola.

Alendo anatenga Atate pagalimoto kupita nawo kuchipatala, ndipo anabwerako mawa lake, akudandaula mutu. Ndinadikira chikwapu. Tsiku linadutsa, linanso linadutsa. M'nyumba munali ulemu woopsa, aliyense akundipatsa njira. Kumenyedwa kukanandipepukira.

M'mawa wa tsiku lachitatu Atate anandiitanira kuchitsime. Ba Mulenga anali kale komweko, atakhala pachipika. Atate anayatsa kandulo wamba ya m'sitolo, anandipatsa kachingwe. Ndinatsitsa. Pamfundo yachisanu ndi chiwiri inazima.

"Ukuganiza waizimitsa ndani?" anafunsa.

Ndinayesa kuyang'ana pansi, koma anandigwira chibwano.

"Yosefe," ndinanong'ona.

Atate anandisiya chibwano. Anakhala pansi, pafumbi penipeni, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita. Ba Mulenga anayang'ana kumbali. Patapita nthawi anandifunsa kumene ndinazimva, ndipo ndinawauza zonse, za kudambo, za kugogoda, za sutikesi. Kanali koyamba kulankhula mawu ambiri chonchija kwa Atate.

"Yosefe sali m'dzenje," anatero. "Ndinamugoneka ndekha m'manda, ndipo Mulungu anamulandira. Chili m'menemu ndi mpweya woipa. Umatuluka m'nthaka. Ndi wolemera, umakhala pansi ngati madzi m'chidebe. Suoneka, sununkha. Moto sungapume m'menemo, munthunso sangapume. Ona."

Anadula nthambi zamasamba ambiri, anazimanga mtolo waukulu kuchingwe. Iwo ndi ba Mulenga anayamba kuutsitsa ndi kuukweza, kuutsitsa ndi kuukweza, mpaka malaya awo ananyowa. Anapuma, anayambanso. Dzuwa litakwera anandipatsanso kachingwe. Mfundo yachisanu ndi chiwiri inadutsa, moto ukuyakabe. Yachisanu ndi chitatu. Yachisanu ndi chinayi. Yakhumi. Chitini chinakhala pansi, kandulo ikuwala. Pambali pake panali chisoti cha Atate, ndi chule atagona chagada, mimba yoyera ili m'mwamba.

"Woyamba kulakwa ndine," Atate anatero. "Chitsime chotsekedwa masiku anayi sindikanayenera kutsikamo osachikupiza. Ndinathamangira kukondweretsa alendo. Ndiponso ndinakupatsa lamulo osakuuza chifukwa chake. Koma iwe unagwedeza mutu."

Ndinayamba kulira.

"Kumgodi, Filo, munthu amene wayamba ntchito dzulo akaona mwala ukung'aluka amakuwira kapitawo. Amakuwira ngakhale bwana wamkulu. Palibe amamufunsa kuti ulemu wako uli kuti. Tsopano imirira. Kuwa kuti, osatsika."

"Osatsika," ndinatero.

"Kodi ndi mbewa ikulira?" ba Mulenga anafunsa, dzanja lili kukhutu. Ananyamuka, anapita kukaima pachulu chapafupi. "Sindikumva!"

Ndinakweza mawu. Iwo anasunthira pachulu chachiwiri. Ndinakuwa, anasunthiranso. Ndinakuwa mpaka kukhosi kunapweteka, mpaka azimayi a kudambo anabwera akuthamanga, zidebe atazisiya, poganiza kuti wina wagweranso. Anapeza ine ndili chilili pakamwa pa chitsime, nkhope yonse mamina ndi misozi, ba Mulenga ali kutali akuvina pachulu. Chilango changa chinali chimenecho. Ndipo kuyambira tsiku limenelo kugwedeza mutu kunaletsedwa. M'mawa uliwonse ndinkayenera kunena ndi pakamwa, mokweza, ngakhale pakhale anthu angati: "Yayaka mpaka pansi."

Mikombero ya simenti inabwera mvula isanayambe. Patapita sabata ziwiri piki ya Atate inaboola pansi, madzi n'kuyamba kutumphuka. Atadikha, ndinasuzumira ndi kagalasi kaja, ndinaona nkhope yanga ndi thambo kumbuyo kwake. Anali madzi oti ukathira m'kapu umaona pansi pa kapu. Bana Kunda anakana kumwako mwezi wathunthu, akuti sangamwe madzi a anthu akufa. Kenako tsiku lina anafika ndi zidebe ziwiri, osapereka moni, ndipo palibe anawakumbutsa.

Kandulo ya Yosefe ndinakhala nayo masiku ambiri, ndikusowa pobwezera. Pomaliza ndinaipititsa kwa Amayi, akuchapa kuseri kwa nyumba. Ndinagwada, ndinaipereka ndi manja awiri. Anapukuta manja pachitenje, anailandira, anayang'ana nsonga yake yakuda nthawi yaitali.

"Atate ako akuti ndi mpweya," anatero. "Za pansi pa nthaka akuzidziwa kuposa ine. Koma ngati analidi iye, ukuganiza anaizimitsiranji? Ankafuna atate ake atsike?" Anandibwezera kanduloyo m'manja. "Anatuma iwe. Sunga."

Tsopano ndimakhala m'tauni, ku komboni ya Ndeke, ndili pabanja, ndili ndi mwana wamkazi mmodzi, Agnesi. Sukulu sindinapite nayo patali, ndipo manyazi sanandichoke. Kumsonkhano wa azimayi ndimakhala kumbuyo. Kondakitala wa minibasi akandipitiriza poti nditsike, nthawi zina ndimangobwerera wapansi.

Koma chaka chatha Agnesi anadwala chifuwa. Ndinapita naye kuchipatala china chaching'ono, ndinapeza mzere wautali, ndinakhala kumapeto monga mwa chizolowezi changa. Mwana ankalira kumsana, ndipo azimayi ena ankandiyang'ana ngati ndikuwasokoneza. Kenako kulira kunayamba kuduka. Kunatsala kamphepo. Kenako anakhala chete. Mayi woyandikana nane anati, "Wagona, mwapuma." Ine ndinamumasula, ndinaona nthiti zake zikulowa m'kati. Ndinaimirira pakati pa anthu onsewo, ndinakuwa m'Chinyanja changa chomwechi kuti mwana wanga sakupuma bwino. Mitu yonse inatembenuka. Namwino anatuluka akuthamanga, anamulanda m'manja mwanga. Lero Agnesi akusewera panja ndi ana a eni nyumba.

Chimene ndikuchidziwa tsopano n'chakuti chete wanga uja, amene akuluakulu ankamutcha ulemu, sanali ulemu wonse ayi. Mbali yaikulu anali mantha oti andiseka ndi oti andikalipira, ndipo tsiku lina ndinaika mantha amenewo patsogolo pa mpweya wa Atate. Munthu ungakhale wachete moyo wako wonse osalakwira aliyense. Koma ukaona moto ukuzima ndipo wina akumanga chingwe kuti atsike, pamenepo manyazi si ako wekha.

Chitsime chija chikadalipo, anthu akumwabe. Za kandulo ndimakhulupirira Atate, ndipo aliyense wondifunsa ndimamuuza kuti unali mpweya. Kanduloyo ili m'sutikesi yanga, sindinaiyatsenso. Koma masiku ano magetsi akazima n'kuyatsa ya m'sitolo, Agnesi amabwera monyang'ama, n'kutukumula masaya. Palibe anamuphunzitsa. Akaiuzira n'kuyamba kuseka, tsitsi langa limaima. Ndimafufuza machesi, ndipo ndikamayatsa ndimalankhula mokweza, ngakhale tili awiri m'nyumba: "Ndamva."